Mapeyala Ogwa Okha

Ku malayini a esiteti ya tiyi kwathu kuno aliyense ankanong'ona kuti Cathy wa kwa a Magdalena ali ndi pathupi. Pampopi nkhani inali imeneyo, kusikelo kumene amayi athu amayezetsa tiyi nkhani inali imeneyo, ngakhale pamzere wa phala kusukulu. Ine sindinaiyambitse ayi, ndinene msanga. Ndinaimva kwa mnzanga Angel, Angel anaimva kwa mayi ogulitsa zitumbuwa pageti, mayiwo kaya anaimva kwa ndani. Ine ndinangoithandiza kuyenda, poti nkhani ilibe miyendo.

Komatu musaganize kuti tinkangobwebweta. Munthu wobadwira mu esiteti, amayi ake othyola tiyi, mwadzidzidzi n'kuyamba kukana tiyi, ati ndimwa nthawi ina? Nanga kutafuna kosalekeza kuja. Ukakumana naye m'mawa ali ndi peyala, masana gwafa, madzulo akunyambita zala za papaya. Panalinso amene anamuona akutsika minibasi ku Makwasa, kuchipatala cha mishoni, ali ndi mayi ake, onse nkhope zili ndwii. Masaya anali atadzaza. Khungu lija linkatuwa ngati wagona paphulusa linayamba kusalala mpaka kuwala. Ena ankati ayi si mimba, akudzola kirimu wa ku Mozambiki, koma ine ndinakafufuza ndekha. Ndinapita kwawo ngati ndikukapempha mchere, maso ali pazenera, pansi pa bedi, pamwamba pa kabati. Ndinapeza kabotolo ka mafuta wamba a pagolosale, ndi mbale ya makoko a zipatso. Ndiye kirimu anagwa, inatsala mimba.

Ine ndine Vailet. Ndili Sitandade 7, kachiwiri, koma zimenezo n'zina. Nyumba yathu ndi yakumapeto kwa layini, pafupi ndi mabulugama, ndipo kuseri kwake kuli mtengo waukulu wa mapeyala umene anadzala malemu agogo aamuna akadali kapitawo. Nyumba ya a Cathy ili chapakati, pamene palibe mtengo uliwonse, koma chingwe choyanikira zovala basi.

Tsono chifukwa chimene nkhaniyi inkandikomera ndi ichi. Achemwali anga a Esnat, mwana wa amayi aakulu, ankakwatiwa ndi a Dixon oyendetsa thirakitala ya kampani. Operekeza akwati tinalipo atsikana angapo, ndipo mwa ife mmodzi yekha ndiye amatsogolera mzere povina polowa muholo. Wotsogolerayo diresi lake limakhala losiyana, la nsalu yonyezimira, ndipo wojambula vidiyo amayambira pa iyeyo. Enanu mumangooneka mapewa. Malo amenewo achemwali anandilonjeza ine kalekale tikuchapa kumtsinje, ankhoswe asanakumane n'komwe. Ndinali nditauza kalasi yonse, ndi aphunzitsi a zaulimi omwe.

Titayamba pulakatisi pabwalo la tchalitchi, sipika ya a Dixon ikulira, ndinaona maso a achemwali akundidutsa ine n'kukatera pa Cathy. Anati Cathy tabwera kutsogolo tione. Anavina. Sindinama, sitepe amaitha pang'ono, koma osati kuposa ine. Achemwali anamugwira tsaya n'kumufunsa chimene akudzola masiku ano, iye n'kungoseka, ati palibe. Kenako achemwali ananena kuti za wotsogolera adzanena bwino telala asanadule nsalu. Mwamva? Chinthu chimene chinali changa kale chinasanduka cha mpikisano, ine ndili pomwepo, nditaima pamalo pangapo.

Muzimvetsa, Cathy ameneyu chaka chatha anali munthu woti chiperoni chikawomba tinkamugwira dzanja kuti asauluke. Ankakomoka pa asembule dzuwa lisanatenthe n'komwe. Milomo yosweka, m'maso moyera, kachitunda ka kusukulu ankakwera mopumira. Ine ndinkamukonda kwambiri nthawi imeneyo. Ndinkamunyamulira chikwama, ndinkamuyankhira anyamata akamamunena kuti ndi ndodo ya tsache. Anali mnzanga wabwino zedi asanayambe kuwala.

Ndi nthawi ya mvula pamene anabwera kwathu m'mawa wina ndi kajumbo, n'kupempha ngati angamatole mapeyala ogwa. Apa ndifotokozere inu akutali. Kwathu kuno mtengo wa mapeyala timagulitsa wonse zipatso zikadali zazing'ono. Venda amabwera, amauzungulira, amayang'ana m'mwamba dzanja lili pachibwano, n'kugwirizana ndi eni ake, basi kuyambira tsiku limenelo chilichonse cholendewera m'mwambamo ndi chake. Wathu amagula a Stafford a ku Limbe chaka ndi chaka. Ife eni mtengo sitithyola ngakhale limodzi. Koma logwa lokha ndi la eni bwalo ndi amene iwo amulola, chifukwa limakhala lophwanyika mbali, kumsika silingagulike. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Logwa lokha limafika pansi lopanda kamchira, lothyoledwa limabwera ndi kamchira kake kobiriwira.

Ife ogwawo sitinkawawerengera. Mapeyala ndinawadya ndili mwana mpaka anandikola, ndipo amayi ankangowasesa n'kupatsa nkhumba za aneba. Ndiye Cathy atapempha ndinaseka, ndinati tola mwali, nkhumba nazo zatopa nawo. Anathokoza mpaka kupinda maondo ngati ndamupatsa nsapato. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkamumva kuseri akufufuza m'masamba ouma, ine ndikadali m'bulangeti. Nthawi zina popita kusukulu, tikudutsa m'kanjira ka pakati pa tiyi, ankang'amba peyala n'kundipatsa theka, ine n'kukana, ndinkati sindidya za pansi. Sindinaganizepo kanthu, ndithu.

Pulakatisi ija itandiwawa, ndinati ngati kuwala kumabwera ndi kutafuna, ine nditafuna chipatso chenicheni. Loweruka ndinaperekeza amayi kuboma, ndinawanyamulira katundu osadandaula, ndinawanyengerera mpaka anandigulira apozi limodzi, lofiira, la kasitika. Amayi anang'ung'udza njira yonse kuti chinthu chaching'ono chonchi bola akanagula bonya, koma ine sindinamve. Chinali chipatso cha pachithunzi cha m'kalasi, chimene amadya ana a mabwana a kufakitale ali m'galimoto. Sindinalidye panjira ayi. Ndinalisunga mpaka pulakatisi, ndinalipukuta pasiketi mpaka linawala, kasitikako ndinakamata pawotchi yanga yosayenda ija, n'kuyamba kuluma pang'onopang'ono pamaso pa onse.

Cathy anali pambali akudya gwafa la kumtsinje, zimene ife timati chakudya cha apusi ndi ana othawa sukulu.

"Zinazo n'za apusi, mwali," ndinatero. "Chipatso ndi ichi."

"Chikukoma?"

"Ungadziwe bwanji iwe."

"Nanga mawa udya chiyani? Kasitikako?"

Atsikana anaseka, ngakhale Angel amene ndimagawana naye chingamu. Apozilo, ndikuuzeni inu nokha, m'kati linali ngati thonje lonyowa. Koma ndinalimaliza mpaka pa njere, ndikutseka maso ngati ndikumva kukoma.

Kuseka kumeneko ndi kumene kunandituma kwa achemwali. Ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga wa paukwati. Sindinanene kuti Cathy ali ndi mimba ayi, ine ndinaleredwa. Ndinangofunsa ngati telala angathe kusoka diresi lotambasuka pamimba, poti ena pofika tsiku la ukwati mwina silidzawakwana. Achemwali anasiya mpunga. Anandifunsa kuti ndani, ine ndinati sindikudziwa, koma anthu akuti pali wina anasiya tiyi ndipo amapitapita ku Makwasa. Kenako anati nkhani yotere si yawo, ndi ya alangizi a kumpingo, poti mtsikana woyembekezera sangatsogolere ukwati woyera. Ndinabwerera kunyumba ndikuvina sitepe yanga mumsewu wa thirakitala, ndekhandekha, tiyi akundionerera mbali zonse.

Alangizi anamuitana Cathy pulakatisi yotsatira ili m'kati. Tinangoona amayi awiri a mipango yoyera akumukodola kuti alowe m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Sipika inazimitsidwa. Angel ananditsina m'nthiti. Tinkayesa ngati tikukonza nsapato, koma makutu onse anali kukachipindako. Sipanapite nthawi, tinaona a Magdalena akutsetsereka kuchokera kumunda, dengu la tiyi likadali kumsana, chipulasitiki chija amamanga m'chiuno chili chonyowa. Kaya ndani anawathamangira. Kumbuyo kwawo kunali anzawo othyola nawo, poti kwathu kuno munthu akamayenda mwachangu chonchi sayenda yekha. M'kachipindamo a Magdalena sanalowe. Anaima pakati pa bwalo n'kuuza alangizi kuti atuluke naye mwanayo, nkhani yanong'onedwa pagulu ithere pagulu. Anayamba m'Chilomwe, ndipo a Magdalena akayamba Chilomwe ngakhale akapitawo amapeza chochita kwina.

Kenako anabwerera ku Chichewa kuti tonse timve. Anati mwana wawo anatsala pang'ono kuwafera m'manja. Ku Makwasa anakamuyeza n'kupeza kuti magazi ndi ochepa kwambiri. Anamupatsa mapilitsi, ndipo nesi wina anawakhazika pansi n'kuwafunsa zimene amadya kunyumba. Atamva kuti nsima, nyemba, masamba, kenako tiyi pamwamba, ati anagwedeza mutu. Anati nyemba ndi masamba n'zabwino, zimathandiza magazi, koma tiyi womwera pachakudya amatsekereza, ndiye mwanayo azidikira kaye chakudya chitsike. M'malo mwa tiyi, akatha kudya azitafuna gwafa kapena nachesi, chifukwa zipatso zowawasira zimathandiza thupi kutenga mphamvu ya m'nyembamo. Peyala azidya m'mawa kuti thupi libwerere. Papaya likapezeka adye, nthochi ikapezeka adye, ngakhale zathu zija matenda anazimaliza, mango nyengo yake ikafika. Chachikulu, ati, si kudya mulu tsiku limodzi, koma pang'ono tsiku lililonse, kusinthasintha mitundu, zimene zili pafupi ndipo zili panyengo yake.

Mlangizi mmodzi anafunsa kuti si paja zowawasa ngati mandimu zimaumitsa magazi, iwo anamva choncho kuyambira ali namwali. A Magdalena anati nawonso anafunsa zomwezo, nesi anati n'zonama. Anati anafunsanso za maapozi, poti iwo sangakwanitse kugula, nesiyo n'kuseka, ati apozi si loipa, koma munthu wa ku Thyolo kulirira apozi kuli ngati wokhala pakasupe kusirira madzi a m'botolo.

Pamenepo atsikana onse anayang'ana wotchi yanga. Kasitika kaja kanali kakadalipo.

"Mimba imene mukuinenayo ndi ya mapeyala," anatero a Magdalena. "Ndipo mapeyala ake ndi a kwa Vailet uyu. Mwana wabwino, Mulungu amudalitse, ndiye anatilola kutola. Pakanapanda iyeyu kaya."

Anabwera n'kundigwira manja onse awiri ndi manja awo okhakhala aja. Alangizi anandiyang'ana mokoma n'kunena kuti ana otere masiku ano ndi osowa. Azimayi othyola tiyi anang'ung'udza movomereza. Achemwali a Esnat okha ndiwo anandiyang'ana mwina, ndi diso lija amayang'ana nalo mpunga posaka timiyala. Anangoti telala akudula nsalu Lachisanu, tsiku limenelo ine ndi Cathy aliyense adzavine payekha, iwo ndi a Dixon adzasankha.

Kunyumba sindinadye. Ndinakaima pansi pa mtengo wathu n'kuyang'ana m'mwamba. Ndiye kuti masaya aja ndi anga. Kuwala kuja n'kwanga. Kunkagwa pabwalo pathu, kuchokera mumtengo wa agogo anga, ine n'kupereka ndekha ndi pakamwa pangapa, kuwonjezerapo chipongwe cha nkhumba. Bola munthu akubere, umakhala ndi womutukwana. Nanga ine nditukwana ndani, mphepo?

Lachisanu silinali kutali, ndiye ndinaganiza kuti zimene Cathy anadya miyezi yonseyi ine ndizidya m'masiku otsalawo. Nesi anati pang'ono tsiku lililonse, inde, koma nesiyo sankadziwa za telala. M'mawa mwake ndinadzuka amayi asanabereke dengu, ndinatola ogwa onse n'kumanga m'chitenje. Cathy atafika ndi kajumbo kake anapeza pansi pali poyera. Ndinamuuza kuti mphepo sinawombe. Anayang'ana chitenje changa chotupacho, anati chabwino mwali, n'kutembenuka. Osakwiya n'komwe. Anthu ena amakwiyitsa posakwiya.

Koma ogwawo anali ochepa, ena oola mbali. Ndiye amayi atapita kumunda ndinatenga nsungwi yochirikizira chingwe cha zovala n'kuyamba kugogoda nthambi za m'munsi. Ndinkadziuza kuti peyala likafika pansi ndiye kuti lagwa, za chimene chaligwetsa ndi nkhani ina. Anagwa ambiri, olimba ngati miyala. Ndinawakwirira m'thumba la gaga kuti apse msanga, masamba othothoka ndinasesa bwinobwino. Podikira ndinapita kumtsinje ndi beseni. Kumeneko ndinapeza layini yonse inafika kale. Chilankhulireni a Magdalena, azimayi omwe aja ankati magwafa n'za apusi anali atatuma ana awo kumagwafa, akupsa onse anatha. Ine ndinathyola otsalawo, obiriwira omwe, ndinakhala pamwala n'kudya ndi njere zomwe mpaka nsagwada zinalema. Mawa lake chimodzimodzi. Tiyi ndinasiyiratu, ngakhale wa m'mawa, mutu n'kumandiwawa m'kalasi. Madzulo aliwonse ndinkadziyang'ana pakagalasi ka amayi, kutembenuza nkhope uku ndi uku. Masaya anali omwe aja. Chimene chinabwera ndi chiphuphu chimodzi pachibwano, chachikulu, chonyada.

Kenako m'mimba munatseka. Amene munadyapo magwafa osapsa ambiri mukudziwa, sindifotokoza zambiri, ndine mtsikana. Ndinkapita kuseri, kukhala, kuwerenga mabowo a malata, kubwerako chimodzimodzi. Mimba inatupa n'kuuma ngati ng'oma. Pofika Lachisanu m'mawa siketi ya yunifolomu inakana kutseka.

Tsiku lomwelo ndi limene amayi anafuna gaga wa nkhuku. Ndinamva akundiitana ndi dzina lonse, la ubatizo ndi la bambo anga lomwe. Ndinawapeza atayala mapeyala pakhonde, timichira tonse tili m'mwamba ngati tikundiloza. Sanakalipe, ndipo amayi akapanda kukalipa ndi pamene zimaopsa. Anati a Stafford akhala akugula mtengo umenewu kuyambira ine ndisanamere mano, osawerenga zipatso, chifukwa amadziwa kuti pakhomo pano palibe wogwira nsungwi. Anati akabwera ndidzawafotokozera ndekha, ndipo ndidzawanyamulira matumba mpaka kumsewu. Kenako anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali, n'kuyang'ana siketi yosatsekayo.

"Vailet, nawenso tikuitanire alangizi?"

Ndinalira n'kuwauza za magwafa. Amayi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ati ankatsokomola.

Kupulakatisi ndinapitabe, nditamanga chitenje cha amayi pamwamba. Cathy anavina woyamba. Anavina mopepuka ngati alibe mafupa, akumwetulira, mpaka a Dixon anaiwala kuti foni ya nyimbo ili m'manja mwawo. Itafika nthawi yanga ndinayamba bwino ndithu, manja ndi mapewa zinkamvera, ndinamva wina akuti eya. Koma sitepe yathu ili ndi pena pamene umatsika pansi, n'kuzungulira, n'kudzuka. Ndinatsika. Kudzuka ndiye kunakanika. M'mimba munandigwira ngati wina wakoka chingwe, ndinangokhala chinyonyomalire pakati pa bwalo, manja pamimba, nyimbo ikupitirira yokha. Chitenje chinamasuka. Ndipo ndinamva ndi makutu angawa, kumbuyo kwanga, mawu a Angel akunong'oneza mnzake kuti taona mimbayo, kodi si uja ankaloza anzake.

Achemwali sanachedwe. Anati Cathy atsogolera, telala amuyeze lero lomwe. Ine anandiika kumapeto kwa mzere, ati kuti ndikafuna kutuluka ndisasokoneze anthu. Pobwerera anandiyandikira n'kundiuza motsitsa kuti malo aja anali angabe mpaka tsiku limene ndinabwera kudzafunsa za diresi lotambasuka. Ati Cathy ankangomuika kutsogolo kuti ine ndilimbikire sitepe, poti ndinayamba kuvina ngati mwini ukwati. Kaya n'zoona, kaya ankangofuna kuti zindiwawe bwino.

Dzuwa likupendeka Cathy anabwera kwathu atanyamula theka la papaya lakupsa, atachotsa kale njere. Ati amayi ake akuti ndidye limeneli n'kumwa madzi ambiri, m'mimba mumasuka. Ndinafuna kukana, koma mimba sidziwa za udani. Anakhala pakhonde akundiyang'ana ndikudya, n'kumandiuza za nsalu yonyezimira ija, kuti telala anamuyesa pakhosi ndipo imayabwa, sakudziwa ngati adzapirire tsiku lonse. Imayabwa. Ine ndinangoti pepa mwali. Papayalo linagwira ntchito, ndisaname, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso.

Ukwati unachitika. Vidiyo ndaionera pafoni ya a Dixon. Cathy akuoneka kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, akuwala ngati wameza tochi, osakanda pakhosi ngakhale kamodzi. Ine ndikuoneka pamene wojambula ankatembenuka, khutu ndi phewa. A Stafford ndinawafotokozera ndekha, maso ali pansi, ndipo matumba ndinawanyamulira mpaka kumsewu layini yonse ikuonerera. Iwo anangoti za chaka chamawa adzaona, ndiye amayi mpaka pano amati akayang'ana mtengo n'kuyang'ana ine. Za mimba yanga anthu ananong'ona mpaka inaphwa, ndipo ndamva kuti mayi a zitumbuwa akufunsabe kuti kodi inapita kuti.

Panopa ndimadya theka la peyala m'mawa ndi phala, gwafa lakupsa ndikatha nyemba, nachesi poti ayamba kupezeka, tiyi ndimamwa mochedwa. Sikuti ndikutsanzira munthu ayi, ndi nesi ananena. Chiphuphu chija chinapita. Angel akuti masaya anga ayamba kubwera, koma Angel masiku ano ndimamukhulupirira theka.

Vuto ndi ili. Mapeyala akutha, a Stafford anasiya a pamwamba okha amene anali asanakhwime, ndiye ogwa ndi osowa, tsiku lina limagwa limodzi basi. Komanso achemwali ake a Angel, a Kate, akukwatiwa chilimwe chino, ndipo operekeza ndi ife tomwe, wotsogolera sanatchulidwe. Cathy akubwerabe ndi kajumbo kake, amandipatsa moni waulemu, amati mwadzuka bwanji eni mtengo. Amayi akuti ndimusiye mwana wa eni atole, kwa iye ndi mankhwala, kwa ine ndi dyera. Lero m'mawa lagwa limodzi, lalikulu, losaphwanyika n'komwe, lagwera pamasamba. Ine ndaliona ndili pazenera, Cathy akutulukira kumene pakona ya layini, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene akudziwa kuti zake zimamudikira. Inuyo mukanakhala ine, mukanathamanga kapena mukanamusiyira?